Chipinda Chodya Mawu

Linali Lachisanu ngati ena onse. Ophunzira anali ataweruka, mipando ili balala, ine ndikukolopa m'chipinda cha makina uku ndikuimba mluzu. Ndimasesa pa sukulu ya zaumisiri. Ntchitoyi anandipezera ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, amene amaphunzitsa pomwepo.

Ine sukulu ndinaithawa ndili kalasi yachinayi. Koma Mulungu samana zonse. Anandipatsa pakamwa. Ndikamva munthu akulankhula kawiri, kachitatu ndinkalankhula ngati iye, mpaka mkazi wake kutembenuka. N'chifukwa chake amanditcha Chinkhwe. Wophika tiyi ndinamukwezapo masitepe katatu ndi mawu a mkulu wa sukulu. Tsiku lina ndinalira ngati kagalu kuseri kwa kabati, aphunzitsi ali pa msonkhano, mpaka anasuntha matebulo onse kukafuna.

Madzulo amenewo alamu anali asananyamuke. Anali atawerama pa kompyuta, magalasi ali pamphuno.

"Alamu, taimbaninso mluzu uja. Muyang'ane apa."

Pa galasi la kompyuta panali mzere wobiriwira, wogona. Nditaimba mluzu, mzerewo unadzuka. Unayamba kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, mosalala ngati njoka ikusambira.

"Ameneyu timamutcha saini," anatero. "Ndiye funde losavuta kuposa onse. Lili ndi zinthu zitatu zokha: msinkhu wake, liwiro lake, ndi pamene layambira. Mukandipatsa zitatuzi, ndikuuzani pamene lidzakhale mawa masana."

"Kani mlongo wanga anakwatiwa ndi mlosi?"

"Ndi masamu, alamu. Aja munawathawa aja."

Nditaseka, mzere uja unasanduka zinyalala zokhazokha, minga uku ndi uku.

"Nanga izi?"

"Ndi mawu anu. Ndi mafunde osalala omwe aja, koma ambirimbiri ataunjikana. Munthu aliyense ali ndi mulu wake. Kompyutayi simva ngati khutu, imachita kulawa. Pa sekondi imodzi imatapa pang'onopang'ono ka zikwi zisanu ndi zitatu, n'kumalemba manambala. Manambala akakwana, imapatula mulu wonse, funde lililonse palokha."

Ndinakankhira m'mwamba magalasi amene ndilibe, n'kuyankha ndi mawu awo omwe: "Ndi masamu, alamu." Minga ija inasintha maonekedwe.

"Onani, mwasintha mulu wonse," anatero akupukusa mutu. "Pakhosi panupa pakufunika mapemphero."

Kumapeto kwa chipinda cha makinacho kuli kachipinda kena. Ophunzira amakatcha ka zii. Makoma ake, denga ndi chitseko anamatapo masiponji osongoka ngati mano. Mawu akalowamo sabwerera. Chitseko chake n'chochindikala ngati cha firiji ya nyama, ndipo chimadzibweza chokha. Pali kazenera kamodzi ka magalasi awiri, koyang'ana pa tebulo la alamu. Pakati pa kachipindako pamaima maikolofoni, waya wake n'kudutsa m'khoma kupita ku kompyuta ndi ku kasipika ka patebulopo.

"Lero musalowemo," alamu anatero akutola chikwama. "Ndasiya makina akujambula mpaka mawa."

"Akujambula chiyani, muli zii?"

"Zii yemweyo. Ndikufuna ndione ngati alidi zii."

Anthu ophunzira ali ndi mavuto awoawo. Ndinawaperekeza ndi maso mpaka anatsika masitepe.

Tsono ndiulule tchimo langa. Mlonda wa usiku pasukulupo ndi bambo wina wachikulire amene timawatcha a Makiyi, chifukwa akamayenda makiyi awo amalira ngati ngolo ya mabotolo. Sabata imeneyo anali atandinenera kwa mkulu wa sukulu kuti ndimagona m'chipinda cha matsache. Zinali zoona, koma si zonena. Ndinaganiza zowaitanira m'kachipinda kaja ndi mawu a alamu, n'kuwatsekera mphindi zisanu zokha, aone mmene tulo ta m'kati timakomera.

Kutada ndinayamba ntchito. Ndinatchinga chitseko ndi mtengo wa chokolopera. Ndi kampeni kanga ndinamasula chogwirira cha m'kati, n'kukachiika pa tebulo la alamu, pambali pa jekete yanga. Foni inali m'jeketemo. Ndiye ndinaona kuti sikuluwu imodzi yagwera m'kati. Ndinabwerera kukaitola.

Sindinamve chokolopera chikuterereka. Ndinangomva mpweya ukundikankha m'makutu.

Fu.

Mdima.

Ndinakankha chitseko. Chinali ngati ndikukankha phiri. Ndinapapasa pamene panali chogwirira, ndinapeza kabowo kolowa chala chimodzi. Ndinapisa m'thumba. Kampeni kanali patebulo. Ndinakaona bwinobwino pa kazenera: mpeni, chogwirira, jekete, zonse zitandandalikana pansi pa kuwala kobiriwira kwa kompyuta, ngati zikundiseka.

Poyamba nanenso ndinaseka. Chinkhwe walowa m'khola lomanga yekha. Koma kusekako kunathera pamilomo. M'menemo mawu sapita patali. Amagwa pansi ngati nsanza yonyowa.

Ndinamenya khoma. Siponji inameza chibakera. Ndinamenya kazenera ndi chigongono, ndi nsapato. Galasi lake silinagwedezeke n'komwe.

Kenako ndinakumbuka kasipika kaja. Ndikalankhula pa maikolofoni, mawu atuluka kunja. A Makiyi amadutsa pakhonde ora lililonse. Mtima unakhala pansi. Ndinagwira maikolofoni n'kuyamba kukuwa ndi mawu angaanga.

"A Makiyi! Ndine Chinkhwe! Ndatsekeredwa kuno!"

Pa kompyuta minga inalumpha. Zinali kutheka. Ndinakuwabe, osadikira n'komwe kuti tochi yawo ioneke. Apa ndi pamene ndinalakwitsa.

Ndinamva wina akukuwa nane.

Ndinasiya. Naye anasiya.

Alamu ananena kuti m'menemo mawu sabwerera. Ndinayesa chapansipansi: "Ndani?"

"...ndani," anatero, kumbuyo kwa khutu langa lamanzere. Mawu ake anali anga. Ankangochedwa pang'ono, ngati mwana wotsatira nyimbo imene sakuidziwa.

Ndinatembenuka n'kupapasa. Masiponji okhaokha. Kachipindako n'kakang'ono, mapazi anayi uku, anayi uku. Ndinazungulira kawiri manja ali tambasu. Munalibe munthu.

Ndinakuwanso. Ulendo uno anachedwa pang'ono kwambiri. Ndinakuwa kachitatu, anali pa chidendene changa. Kachinayi tinayambira limodzi.

Ndipo sipanamveke kanthu.

Pakamwa panali yasa. Pakhosi pankanjenjemera, ndinagwirapo ndi dzanja. Mpweya unkatuluka. Koma mawu, ayi. Ndinayang'ana pa kazenera. Mzere wobiriwira unali utagona, wowongoka ngati ulusi.

Ndinaimba mluzu. Njoka ija inadzuka kamodzi, kawiri, n'kugona. Mluzu sunamuvute n'komwe. Zinthu zitatu zokha.

Ndinakhala pansi, msana kukhoma, n'kuyesa kuganiza ngati munthu wa kusukulu. Chinthuchi chimayamba chamvetsera. Chikalawa mokwanira, chimadziwa pamene mawu akupita, n'kukawadikirira kutsogolo. Anga chawamaliza. Koma ine ndine Chinkhwe. Ndili ndi milu ina.

Ndinawerenga pa zala mawu amene ndimawatha bwinobwino, oti munthu n'kunamizika. Alamu. Mkulu wa sukulu. Wophika tiyi. Mlongo wanga. Mkazi wanga. A Makiyi eni ake. Ndi kagalu kaja. Asanu ndi awiri. Ndinalumbira kuti sinditsegulanso pakamwa mpaka tochi ioneke.

Kudikira m'menemo n'kowawa. Khutu likasowa chomva limayamba kumva za m'kati. Ndinkamva malovu akutsika. Ndinkamva mafupa a khosi akukhulana. Ndinkamva mtima, gu, gu, gu, ngati munthu akuyenda m'chipinda chapamwamba. Ndipo kumanzere kwanga kunali kuzizira pang'ono, malo okwana munthu mmodzi wokhala pansi.

Kuwala kunadutsa pa mazenera a khonde.

Ndinalumphira maikolofoni. "A Makiyi!" ndinatero ndi mawu a alamu. "Bwerani msanga mutsegule kachipinda aka, muli munthu, chogwirira chili patebulo!"

Tochi inaima. Nkhope yawo inaoneka pa zenera la pakhonde. Anaunika m'chipinda cha makina, mipando, matebulo. Kazenera kanga sanakafike. Kenako anagwedeza chala m'mwamba. Sindinkawamva, koma milomo ndinaiwerenga: Chinkhwe. Anandiuza pambuyo pake kuti alamu pochoka anawatsegulira geti ndi iwo eni, ndiye akanapusa bwanji?

Ndinapitiriza kuchonderera, koma mnzanga uja anali atafika kale. Mawu a alamu anachepa, anachepa, n'kuzima pakati pa liwu. Tochi inapita.

Ora lotsatira ndinatulutsa mkulu wa sukulu. "Mlonda! Ukapanda kubwera kuno, mawa usabwerenso!" A Makiyi sanaime n'komwe. Anangokweza chipewa monyoza akudutsa. Mawu amenewo sanakwane khumi. Chinthucho chinali chikuphunzira msanga.

Wophika tiyi anatha mawu asanu ndi limodzi. Mlongo wanga, asanu. Kagalu kanalira kawiri kokha. A Makiyi anaponya kamwala pazenera, akuseka, n'kumapita. Zaka zonse ndinkadzitama kuti palibe amene sindingamupusitse. Usiku umenewo ndinasowa mmodzi woti andikhulupirire.

Mpweya unayamba kulemera. Malaya anamatirira pathupi. Kuzizira kuja kunali kutasendera. Tsopano kunali paphewa penipeni.

Ndinatsala ndi awiri.

Mawu a mkazi wanga sindinkafuna kuwapereka. Ndi amene ndinamukopa nawo. Tsiku loyamba kukumana anandikalipira pa mzere wa basi chifukwa ndinamudumpha, ine n'kumubwezera mawu ake omwe, iye n'kuseka mpaka kugwetsa thumba. Zaka makumi awiri, akakwiya ndinkangomuyankha ndi mawu ake, mkwiyo n'kutha. Koma ndinaganiza kuti a Makiyi akamva mzimayi akulira, sangadutse.

Tochi itaoneka ndinalira: "Bambo inu, thandizeni..."

Basi. Atatu okha. Liwu lachinayi linafera m'kamwa.

A Makiyi anaima nthawi yaitali ulendo umenewo. Ndinaona akukanda m'mutu. Anagwira chitseko cha chipinda cha makina, n'kuchisiya. Anapukusa mutu, n'kupita.

Ndinagwada pamenepo, chipumi pa siponji. Ndinalira ndithu, misozi yeniyeni, koma popanda phokoso. Kulirako nakonso kunali kwa mawu anga, ndipo anali atadyedwa kale.

Ndipamene ndinazindikira kuti sindikumvanso kupuma kwanga.

Chifuwa chinkakwera ndi kutsika. Mphuno zinkakoka. Koma kaphokoso ka mpweya kanali katapita. Ndinameza malovu. Zii. Ndinathyola chala. Chinamveka kamodzi. Ndinathyola china. Zii.

Chinatsala chimodzi chokha chomveka m'chipindamo. Gu, gu, gu.

Ndipo pambuyo pa gu aliyense ndinayamba kumva kena kakang'ono. Gu, gu. Gu, gu. Kochedwa pang'ono.

Abale anga, ine masamu sindiwadziwa, koma apa ndinawamva. Palibe chinthu choyenda mwa ndondomeko ngati mtima. Msinkhu womwewo, liwiro lomwelo. Mwana wa kalasi yoyamba atha kulosera pamene ugunde. Sindinadziwe kuti chikaupeza chichotsa phokoso lokha kapena chichotsa zonse. Sindinafune kudziwa.

Ndinadzuka n'kuyamba kudumpha. Mtima unathamanga, kamnzake kaja kanatsalira. Ndinaima, n'kugwira mpweya mpaka m'maso kuchita nyenyezi. Mtima unasintha mayendedwe, kanasocheranso. Ndinagona chagada. Ndinadzuka. Ndinathamanga pamalo amodzi. Ndinadziluma dzanja. Bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, kuvina mumdima ngati wamisala, kuti mtima wake usadziwike pamene ukupita. Nthawi iliyonse ndikatopa, kankabwerera. Ndipo kankabwerera pafupi kuposa kale.

Tochi inaonekanso.

Ndinatsala ndi mawu a munthu mmodzi, mwina okwana liwu limodzi kapena awiri. Ndinaganiza msanga. A Makiyi asanalankhule amatsokomola kaye kawiri, kenako amati, "Aaa, ayi ndithu." Mawu amenewa ndinali ndisanawachitepo pamaso pawo, ndinkawasungira ophunzira. Ndinayandikira maikolofoni mpaka milomo kukhudza chitsulo.

Ndinatsokomola kawiri. "Aaa, ayi..."

Zii.

Tochi inagwa pansi. Kuwala kunagubuduka pakhonde, n'kuima kutaloza khoma. Munthu atha kupirira mawu a bwana wake, a mzimayi, a galu. Koma kumva iwe mwini ukulankhula m'chipinda chotseka, iwe uli panja, ayi. Ndinaona chithunzithunzi chawo chikuthawa, dzanja lili pa chipewa.

Anathawa osatsegula.

Za maora otsalawo sindikumbukira zonse. Ndikukumbuka kuti miyendo inakana. Ndikukumbuka nditagona chammbali, dzanja pachifuwa, ndikuwerenga. Gu ndi kagu kake anali atatsala pang'ono kukhudzana, ngati mapazi awiri a munthu mmodzi. Ndinkadzitsina kuti ndidzidzimuke. Ndinkaganiza za zinthu zoopsa dala, za ngozi, za maliro, kuti mtima udumphe. Kenako zoopsa zinatha. Panalibe choopsa kuposa chimene chinagona kumbuyo kwanga, chifuwa chake chozizira chitatsamira msana wanga, chikumvetsera.

Gu.

Gu.

Kenako sindinamve kanthu. Pansi pa dzanja pankagundabe. Koma mofooka. Kapena dzanja ndi limene linachita dzanzi, sindidziwa.

Kuwala kunandimenya m'maso. Mpweya wozizira, fungo la sopo wokolopera, phokoso la makiyi, galimoto kutali, mbalame. Phokoso! Sindinadziwe kuti dziko limalongolola chonchi. Pakhomo panaima alamu, malaya ogonera ali m'kati mwa jekete, ndi a Makiyi kumbuyo kwawo atanyamula chitsulo cha geti. Kunja kunali kutayera. A Makiyi anali atathamanga wapansi mpaka kwa alamu, n'kukagogoda mpaka anadzuka.

"Alamu! Mukutani muno? Chogwirira wachotsa ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname, monga mwa masiku onse. Sipanatuluke kanthu.

"Taonani, akupitirizabe masewera," anatero a Makiyi. "Aaa, ayi ndithu."

Alamu sanaseke. Anandikhazika pampando, anandipatsa madzi, n'kutembenukira ku kompyuta. Anabweza zojambula za usiku wonse. Minga ya kukuwa kwanga inalipo, kenako inkachepa, n'kugona. Kasanu ndi katatu. Atafika kumapeto anakulitsa mzerewo, anakulitsanso, mpaka manambala kuoneka. Anavula magalasi.

"Chipinda chopanda munthu sichikhala chonchi," anatero motsitsa. "Ngakhale waya amene ali ndi kaphokoso kake. Apa pali ziro, ziro, ziro, ora lathunthu, inu muli m'kati mukupuma."

Anatenga pepala n'kujambula njoka ija. Pansi pake anajambula ina yofanana nayo, koma yozondoka: pamene yoyamba yakwera, iyo yatsika.

"Mukaphatikiza awiriwa mumapeza zii. Funde silifa lokha, alamu. Limaphedwa ndi linzake lofanana nalo ndendende, lobwera nthawi yomweyo, chadodolido. Kuti mawu anu azime, pamafunika wina woti alankhule pamodzi nanu."

"Si makina anuwa?" anafunsa a Makiyi.

"Makinawa amangomvetsera. M'kachipindamo mulibe sipika. Simunakhalepo sipika chimangireni."

A Makiyi anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda tebulo.

Kuchipatala anandiunika pakhosi ndi katochi, anati palibe chovuta, ndipumule. Ndinapumula sabata ziwiri. Kwathu anthu sanachedwe kupeza chifukwa. Ena akuti mmisiri amene anamata masiponji aja anali wosalankhula chibadwire, ndipo anamwalira ntchito itangotha. Ena akuti mawu aliwonse ali ndi mwini wake, ndipo ukawabwereka kwambiri amabwera woti awatole. Amayi a nyumba yoyandikana nafe amangoti Mulungu watipumitsa.

Tsiku lina pa basi ndinamvetsera kondakitala wina wa mawu osasa. Nditafika kunyumba ndinayesa. Anatuluka. Mkazi wanga anagwetsa mbale.

"Ndani ameneyo?"

"Ndine, mayi a ana."

"Lankhulani ndi mawu anu."

Ndinayesa. Anaona milomo ikuyenda. Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Mawu a kondakitala anakhala masiku asanu ndi anayi. Usiku wina ndikuuza mwana wanga wamkazi kuti azimitse nyale, ndinamva wina akunena nane, kumbuyo kwa khutu lamanzere, mochedwa pang'ono. M'mawa mwake anali atapita. Ndinatola a wogulitsa malasha. Anakhala sabata. Alamu anabwera ndi maikolofoni kunyumba, anandiyeza pabalaza, zitseko ndi mazenera zili zotsegula, ana akusewera panja. Anayang'ana manambala awo nthawi yaitali, kenako anapinda waya mosafulumira.

"Kachipinda kaja ndakayeza katatu chichokereni inu," anatero. "Kali bwinobwino tsopano. Mulibe kanthu."

Sindinafunse kuti chinapita kuti.

Masiku ano ndikaweruka sindithamangira kunyumba. Ndimakhala pa siteji ya basi, kapena pakhomo la chipatala, pamene pamadutsa anthu achilendo, n'kumamvetsera. Ndimasankha mawu ngati munthu wosankha nsapato pa kaunjika. Ndimawasunga, sindiwawononga pa nthabwala. Kuntchito ndimangogwedeza mutu. Ndimawasungira kunyumba, pa zofunika zokha: mwadzuka bwanji, chakudya chakoma, mugone bwino.

Amene ndili nawo pano ndi a bambo wina amene anandifunsa njira Lolemba lapitali. Ndi mawu abwino, ofatsa. Mkazi wanga akuti amenewa angathe kuwazolowera. Sindinamuuze kuti dzulo, pomuyankha, tinali awiri.